Mahedifoni Obowoka Anandivula Ulemu

1

Dzina langa ndine Sumani. Kwathu ndi ku Chowe, koma ndatha zaka makumi atatu ndili mkamwini ku Lungwena, kwawo kwa mkazi wanga Mwanamvua. Theka la zaka zimenezo phazi linali panjira: Tete, Beira, Joni, Kepitauni. M'mabasi ndi pamwamba pa malole ndinatola nkhani za anthu osawadziwa zodzaza thumba, moti ndikafika pa bawo amuna amaiwala kuti wosewera ndani. Za eni ndimazikamba mokoma. Yangayi ndaifungatira zaka zisanu ndi chimodzi ngati dzira losukusa. Lero ndiliswe, mununkhidwe nane.

Ana ndili nawo awiri, onse aakazi: Zakia ndi mng'ono wake Farida. Zakia anachoka pamudzi ali ndi zaka 17, ndipo sikunali kufuna kwake. Mlamu wanga Che Sadik, mlongo wa mkazi wanga, ndiye mwini mbumba. Ndi munthu woti akangotsokomola mumzikiti, anyamata amakonza zipewa. Tsiku lina anapisa dzanja m'chikwama cha sukulu cha Zakia n'kutulutsamo masidi khumi ndi awiri. Pazikuto zake panali azungu ovina m'tchire, matupi opaka utoto, zovala zoti sungapukutire nazo ngakhale kapu.

"Wakupatsa ndani?" anafunsa, mbumba yonse ili pabwalo.

Zakia anadzutsa mutu. Anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga.

"Ndiye kuti ndi azungu a m'maloji. Mzungu sapereka chinthu chaulere. Iwe unamupatsa chiyani?"

M'mawa mwake mwana anakwera matola ndi kachikwama kamodzi. Anakathera ku Chembe, n'kuyamba kutsuka mbale pa loji ina. Lero ndi dijeyi, woimbitsa nyimbo za makina zija amati tiransi, zomwezo zinali m'masidi aja. Pamudzi dzina lake silinkatchulidwa.

Chaka chathachi Farida anapeza mwamuna wochokera ku banja lopemphera kwambiri la ku Malindi, ndipo tsiku la ndowa, ukwati wa Chisilamu, linaikidwa.

"Baba, achemwali abwere pa ndowa yanga," anandipempha atagwada.

"Kafunse amjomba ako."

"Ndikufunsa inu."

"Ine ndine mkamwini, mwanangu. Pamudzi pa eni ndilibe mawu."

Amalume akewo, Che Sadik, anakana, osalola n'komwe kuti Farida amalize kupempha. Zakia atamva, sanadandaule. Anangotumiza pa foni ya mng'ono wake nyimbo imene anapanga yekha, ya mphindi khumi ndi imodzi, kuti ikhale mphatso ya ndowa. Farida atasiya foni ikuchaja pa sola n'kupita kuchitsime, ine ndinaikoperako nyimboyo mu foni yanga, ndikucheukacheuka ngati wakuba nkhuku.

2

Inu amene simuidziwa tiransi, ndikuuzeni. Ilibe mawu oti muziimba nawo pochapa. Imamangidwa ngati nyumba ya njerwa. Pansi pali ng'oma imodzi yosasintha, du, du, du. Pamwamba pake pamabwera besi. Kenako timawu ting'onoting'ono timalowa kamodzikamodzi, kena kumanzere, kena kumanja, kena kutali ngati kuseri kwa phiri. Ukangozolowera, wopangayo amakuchotsera maziko onse, n'kukusiya ukulendewera mphindi yathunthu, kenako n'kubweza zonse nthawi imodzi. Mtundu umene amapanga Zakia, umene amati pulogiresivu, ndiye wosafulumira n'komwe. Ukaumvera pa chinthu chachabechabe umangomva ngati mpope wodontha.

Ine ndinali ndi chinthu chachabechabe: timaiyafoni toyera togula pa siteji. Ndinapita nato kumunda wa chinangwa, ndinakhala pachulu, ndinatsegula nyimboyo. Chimene ndinamva ndi udzudzu wotsekeredwa m'chitini. Besi kunalibe. Khutu lamanzere linkamveka pokhapokha nditapinda chingwe n'kuchigwira ndi mano.

Ndinagula ena. Awo ankagwa m'khutu ndikangotuluka thukuta. Ndinagulanso achitatu, akuda, olembedwa dzina lalikulu pa pepala lake. Anagwira masiku awiri, lachitatu anayamba kulira ngati mafuta mu chiwaya. Ndinawaponya m'tchire, kenako ndinakawatolanso poopa kuti wina angawaone n'kuyamba mafunso.

Tangoganizani. Mwana wako wayankhula koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi, ngakhale sakuyankhula kwa iwe, ndipo iwe ukumva theka lokha. Ndinkabwerera kunyumba nditakwiya, n'kumakalipira nkhuku.

"Chakudyani n'chiyani, bambo a Farida?" anafunsa Mwanamvua.

"Dzino."

"Dzino lake liti? Atsala angati?"

Loweruka ndinakwera njinga yamoto, ulendo wa ku Mangochi boma.

3

Pamsika pali mnyamata wa ndevu zake, Domingos, amene makolo ake anabwera kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Amagulitsa machaja, mabatire ndi zonse za foni. Kumanja kwake kuli wowotcherera zitseko, kumanzere wogulitsa masipika amene sazimitsa katundu wake ngakhale mphindi imodzi. Munthu umayankhula ngati ukuitana bwato lili pakati pa nyanja.

"Shehe, takulandirani! Mukufuna chiyani?"

"Mahedifoni. Omvera ulaliki."

Anandipatsa aakulu ofiira, opanda chingwe. Ndinatembenuka, ndinabisa foni m'manja mwa mkanjo, n'kutsegula nyimbo ya Zakia. Mutu unachita ngati ndaulowetsa m'chigayo.

"Awa ayi. Besi yameza zonse, zapamwamba sizikumveka."

Domingos anasiya zomwe ankachita. "Ulaliki wake uti wokhala ndi besi, Shehe?"

"Ndipatse ena, usandifunse za m'nyumba mwanga."

Koma anali atalanda kale mahedifoniwo n'kuika khutu limodzi. Maso anatuluka.

"Tiransi! Madala, ndevu zonsezi? Ndimayesa mwabwera kudzandilalikira!"

"Tsitsa mawu, galu iwe."

"Nditsitse bwanji, simundimva! Chabwino, nyimbo iyi sifuna matope. Yesani awa, otseka kumbuyo."

Achiwiriwo anali abwino, ndisaname. Chilichonse chinkamveka. Koma mawu onse anadzadzana pakati pa mutu ngati anthu mu minibasi ya m'mawa, wina pamwendo pa mnzake. Ndiponso makutu anayamba kuphika pompo. Dzuwa la Okutobala ku Mangochi mumalidziwa.

"Palibe malo," ndinatero. "Nyimbo iyi imafuna bwalo. Kamawu kochokera kumanzere kaziyenda mpaka kumanja, osati kubadwira pamphuno n'kufera pomwepo."

Domingos anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anawerama pansi pa tebulo n'kutulutsa ena okulungidwa m'jumbo. Anali akale, otuwa, a chingwe chachitali, opepuka ngati chipewa. Kumbuyo kwa khutu lililonse kunali kobowokabowoka ngati sefa.

"Anabwera m'belo la kaunjika. Anyamata sawafuna, akuti sagunda. Ine ndimati alibe makutu."

Ndinavala. Abale, msika wonse unasanduka dambo lalikulu. Ng'oma inakhala pansi pake, yolimba, yosasefukira. Timawu tija tinayamba kuyenda, kena kudutsa kumbuyo kwanga moti ndinacheuka. Ndipo pamwamba pa zonse ndinamva chimene timaiyafoni tija tinandibisira: tse, tse, tse-tse. Sanali makina amenewo. Linali lichero. Mwana anajambula mkazi akupeta mpunga, kapetedwe kenikeni ka kwathu, kawiri pang'onopang'ono kenako kawiri mofulumira, n'kumangirapo nyimbo yonse.

Ndinapukuta m'maso ndi mpango n'kunamizira utsi wa wowotcherera.

"Ndatenga awa."

"Mwasankha ngati munthu wodziwa. Koma madala, awa ali ndi khalidwe lawo. Kumbuyoku..."

"Mwana iwe, ndinayamba kugwira zingwe za masipika usanamere mano. Usandiphunzitse."

"Masipika? Kuti?"

Ndinazindikira kuti lilime lathamanga. Ndinalipira, ndinabisa katundu wanga mu mkanjo, n'kuchoka iye akukuwabe kumbuyo. Phokoso la pamsika linameza mawu ake.

4

Chinthu chachikulu ngati chimenecho sungabise m'mudzi. Ndiye ndinachibisa poyera. Ndinalengeza kuti ndapeza maulaliki a shehe wina wa ku Zanzibar, ofunika kuwamvera mwachifatse. Tsiku lililonse tikachoka kumzikiti ku swala ya masana ndinkakhala pakhonde, mahedifoni kumutu, mikanda yopempherera ya tasibihi m'manja, maso otseka.

Anthu odutsa ankatsitsa mawu. Ena ankati, "Che Sumani ndiye akukalamba bwino."

Chimodzi chokha chinkandinyansa. Ndikangokhala, Mwanamvua ankabwera ndi mphasa yake n'kuyala pafupi ndi mpando wanga, n'kuyamba kusankha nandolo. Khonde lonse lalikulu, iye pomwepo.

"Kulibe mthunzi kwina?"

"Wabwino ndi uno," ankayankha osadzutsa mutu.

Masabata awiri anatha choncho. Nyimbo ndinaidziwa ngati njira ya kumunda. Ndipo tsiku lililonse ikatha ndinkalumbira kuti mawa ndikaonana ndi Che Sadik, ndikamuuze kuti mwana abwere. Mawa likafika ndinkakumana naye panjira, iye n'kunena, "Alamu, ulaliki ukuyenda?" Ine n'kuyankha, "Ukuyenda, alamu." Basi. Munthu amene ndinadutsa maboda anayi wopanda pepala, kulephera mawu asanu kwa mwamuna mnzanga.

Farida anasiya kundipempha. Ankangondipatsa madzi osamba n'kuchoka.

5

Ankhoswe a ku Malindi anati abwera Loweruka, swala ya Asiri, ya chakumadzulo, ikatha, kudzamaliza za ndowa. Ndinaona kuti nthawi ilipo. Ndinakhala pakhonde monga mwa masiku onse, ndipo popeza mtima unali wolemera, ndinakweza mawu mpaka kumapeto.

Anthuwo anapeza galimoto msanga. Anafika dzuwa likadali pamutu, amuna anayi, Che Sadik akuwatsogolera. Atandiona ndi tasibihi, maso otseka, mlamu wanga anawakweza dzanja kuti asandisokoneze. Anakhala pamphasa mwaulemu, chete, kudikira kuti shehe wa ku Zanzibar amalize.

Izi ndinauzidwa pambuyo pake. Ine ndinali kutali. Ndinali pamphindi yachisanu ndi chiwiri, pamene zonse zimakhala bata, kenako ng'oma n'kubwerera. Akuti phazi langa linkaponda, mutu ukugwedera, ndipo itabwerera ng'omayo ndinakweza dzanja la tasibihi m'mwamba.

Nditatsegula maso ndinaona nkhope zisanu.

Che Sadik anaimirira, anandivula mahedifoni n'kuwagwira m'manja, patali ndi thupi lake ngati khoswe wakufa. Pamenepo m'pamene ndinamva koyamba zimene dziko linkamva. Nyimbo inkatuluka m'timabowo tija poyera, du, du, du, tse, tse, tse-tse, ngati kawayilesi. Mahedifoni obowoka kumbuyo amapereka bwalo chifukwa sasunga mawu. Theka limalowa m'khutu, theka limapita kwa anansi. N'zimene Domingos ankafuna kundiuza. Pamsika paja sindikanamva, ndipo chigulireni ndinali ndisanaimepo kunja kwake wina atavala.

"Shehe wake ndi ameneyu?" anafunsa Che Sadik.

Sanadikire kuti ndiyankhe.

"Ndikuzidziwa izi. Ndi za mtsikana uja. Watithira manyazi ali pano, akutithiranso ali kutsidya. Alamu ndi munthu wamkulu, wa mzikiti, sangakazifune okha zimenezi. Wina wawaikira. Farida!"

Farida anatuluka n'kugwada pafupi ndi khomo. Amayi ake anaima kumbuyo kwake.

"Nyimbo iyi yalowa bwanji m'nyumba muno? Umayankhula ndi mkulu wako? Nawenso wayamba za m'maloji?"

Wamkulu wa ankhoswe aja anayamba kufunafuna nsapato zake ndi phazi. "Ife tinauzidwa kuti wamng'onoyu ndi wosiyana," anatero motsitsa.

Farida anadzutsa mutu. Anayang'ana ine.

6

Ndinayamba kuweramitsa mutu. Khosi linazolowera. Koma ndinaona kuti ndikafika nawo pansi, mawa kukwera matola mwana wachiwiri.

"Musiyeni mwana. Ndinaiba ndekha pa foni yake, iye sakudziwa."

"Alamu, musamuikire kumbuyo."

"Sindinayambe ndaikirapo mwana kumbuyo, ndiye vuto lake. Khalani pansi, Che Sadik. Masidi aja munapeza m'chikwama cha Zakia anali anga."

Ndinapitiriza mantha asanandigwirenso.

"Ku Kepitauni sindinkagwira m'sitolo ya pafupi ndi mzikiti monga ndinakuuzani. Zaka khumi ndi chimodzi ndinkanyamula masipika ndi kuyala zingwe m'madansi a tiransi a m'tchire, kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu. Ndipo sindinkangogwira ntchito, ndinkaikonda. Ndevu izi ndinayamba kusunga miyezi itatu ndisanabwerere. Mkanjo woyamba ndinagula pa boda. Masidi ndinawabisa pansi pa sutikesi, mwana anawapeza akufuna chikalata chake cha sukulu. Panalibe mzungu. Sanagone ndi munthu. Tsiku lija ankadikira kuti ndinene, ine ndinaopa kutaya malo anga a kutsogolo mumzikiti."

Che Sadik anakhala pansi pang'onopang'ono, mahedifoni akuimbabe m'manja mwake.

"Ndinamutchula mwana wa mlongo wanga dzina loipa pamaso pa mbumba yonse," anatero. "Inu muli pomwepo. Munandisiya ndichimwe."

Amene ndinkamuopa kwambiri sanali iye. Mwanamvua anadutsa pakati pa alendo, osagwada, n'kuima patsogolo panga.

"Masabata awiri ndakhala ndikumva nyimbo imeneyi," anatero. "Mumayesa ndinkatsata mthunzi? Ndinamva lichero tsiku loyamba, ndinadziwa kuti ndi mwana wanga. Ndinakhala chete. Ndinkati bambo akulira mwana wawo mobisa, ndisawachititse manyazi. Ndinkakumverani chisoni, Sumani. Inu!"

Chikwatirane, anali asananditchulepo dzina langa pagulu.

Analowa m'nyumba. Tinamva zinthu zikukokedwa. Anatuluka ndi sutikesi yomwe ija, n'kuiika pansi pa masitepe.

"Ku Chowe galimoto zimapezeka mpaka madzulo." Kenako anatembenukira kwa mlongo wake. "Achimwene, Zakia abwera pa ndowa. Amene sakufuna kumuona atseke maso. Inunso a ku Malindi, ngati mukufuna mkazi, ndi uyu, alibe mlandu. Ngati mumafuna apongozi oyera, mwawaona."

7

A ku Malindi anapita osatsanzika bwino. Ndowa inaima mwezi wathunthu, mpaka mnyamatayo anauza akwawo kuti akukwatira Farida, sakukwatira ine. Che Sadik anapita yekha ku Chembe kukatenga Zakia. Zimene anakambirana sindikuzidziwa.

Ine anandiitana chifukwa pomanga ndowa bambo wa mkazi amafunika. Ndinachita mbali yanga mumzikiti, ndinakhala mzere wakumbuyo, ndipo zitatha palibe anandiuza kuti tiyeni kunyumba. Ndinakaima pamsewu kudikira njinga yamoto.

Zakia anandipeza pamenepo. Anali atatalika, mpango wobiriwira kumutu, nkhope ya amayi ake.

"Mwaswera bwanji, Che Sumani?"

Osati Baba. Che Sumani.

Mwezi wonse ndinkakonza mawu opepesa, ndinkawayeseza ndikulima. Nditatsegula pakamwa, chimene chinatuluka ndi ichi:

"Besi yako imabwerera msanga."

"Mwati chiyani?"

"Pamphindi yachisanu ndi chiwiri, pamene zonse zakhala bata. Ukanadikira pang'ono. Munthu asanayambe kuifuna, iwe wamupatsa kale."

Anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato.

"Zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye mawu anu oyamba ndi amenewo?"

"Zakia, mwanangu, ine..."

"Kudikira ndiye mumakudziwa inuyo," anatero. Anatembenuka n'kubwerera ku ndowa.

Patatha masabata atatu foni yanga inalira. Nambala yachilendo, moni palibe, mawu palibe. Nyimbo yokha. Ndinavala mahedifoni anga n'kudikira mphindi yachisanu ndi chiwiri. Bata lija linatalika, linatalikabe, mpaka ndinagwira mpando. Kenako besi inabwera. Anaichedwetsa, ndipo anaichedwetsa kuposa mmene ine ndikanachitira.

Abale owerenga, mukamagula mahedifoni musayesere pamsika pokha. Pitani nawo pamalo a bata, muveke mnzanu, inu muime pambali mumve zimene anansi azimva. Wogulitsa akayamba ndi "koma", mulekeni amalize. Ndipo ngati pali mwana amene anasenza katundu wanu inu muli chete, musamati sindinaname chifukwa sindinayankhule. Ine ndinadzinamiza choncho mpaka chinthu cha m'kaunjika chinayankhula m'malo mwanga, ndipo mwana amadziwa kusiyana kwa bambo amene wabwera yekha ndi amene wachita kugwidwa.

Pano ndikukhala kwa mlongo wanga ku Chowe, nkhalamba yobwezedwa ku ukamwini, m'kanyumba kosungiramo chimanga. Foni imagwira bwino pamwamba pa phiri pokha. Lachisanu lililonse ndikachoka ku mzikiti ndimakwera, mawondo akulira, n'kukajambula mawu opepesa aja ndinalephera pamsewu. Ndatumiza kasanu ndi kanayi. Foni imaonetsa kuti onse anawamvera. Sanayankhe ngakhale kamodzi.

Lachisanu likubwerali ndikweranso.